Madontho Ofiira pa Injini ya Atate

Pulasitiki inang'ambika pamene Nsofwa ankakwera minibasi ya ku Matero. Mapulagi anayi a galimoto anagwa pansi, limodzi n'kugubuduka mpaka kukagunda nsapato ya mnyamata amene anaima kumbuyo kwake.

Mnyamatayo analitola, n'kuliuzira fumbi, n'kuliyang'ana kunsonga ngati dokotala akuyang'ana lilime la wodwala. Kenaka anatola atatu enawo.

"Ba sista, aba bana banu banayi bafuna kuthaba," anatero akumwetulira.

Nsofwa sanali munthu woseka ndi alendo pasiteshoni. Koma munthuyu anampatsa mapulagiwo ndi manja awiri, ndipo m'basi anamusiyira mpando wa pawindo.

"Ni ya bamuna banu motoka?"

"Ya batate. Banamwalila mu Febuluwale."

Kumwetulira kuja kunazima. "Pepani maningi. Koma benze kuziba kusunga injini. Onani kumutu uku, kwafiilila monga buledi yopsa bwino. Injini iyi siidwala."

"Siidwala?" Nsofwa anayang'ana kunja. "Yafa. Ndine ninaipaya."

Dzina lake anati ndi Eugene. Ankakhala ku George, ndipo ntchito yake inali yokonza magalimoto m'makomo a anthu. Ankadziwa kumvetsera. Minibasi isanafike pamsika wa Matero, Nsofwa anali atamuuza zimene sanauzepo ngakhale amayi ake.

Ba Chisala, atate ake, sanapititsepo Korola yawo kugalaja. Ankati kugalaja galimoto imalowa ndi chiwindi chake n'kutuluka ndi cha inzake. Ankakonza okha pabwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo chitsulo chilichonse chimene agwira ankachidonthezera kyuteksi yofiira ya akazi awo, kuti wina akadzasintha adziwe. Amake Nsofwa ankadandaula kuti kabotolo kamatha zikhadabo zawo zisanalawe.

Atamwalira, galimoto inayamba kutsokomola m'mawa. Nsofwa anaonera kanema pafoni katatu, n'kugula mapulagi atsopano. Iye ankagulitsa nsalu musitolo ina ku Kamwala, ndipo dzanja lake linazolowera kuyala zinthu mwadongosolo. Ataona mawaya anayi a mapulagi atapingasana, wina pamwamba pa mnzake, zinamunyansa. Anawazula onse mbali zonse ziwiri, n'kuwatsuka ndi sopo, n'kuwabwezera mumzere wowongoka ngati zitenje pashelefu.

Atatembenuza kiyi, injini inaphulika ngati mfuti! Nkhuku za aneba zinalumpha mpanda. Ba Obed, bambo wachikulire wowotcherera mageti kuseri kwa mpandawo, anafika akuthamanga chigoba cha kumaso chili m'manja. Kuyambira tsiku limenelo injini sinadzukenso.

Tsono amake Nsofwa miyendo yawo inali yotupa. Sakanatha kuyenda mpaka pamsewu waukulu. Masabata asanu ndi awiri anali atatha osaponda m'tchalitchi, iwo amene anaimba mukwaya ya amayi zaka makumi awiri.

"Osalila," anatero Eugene, basi itaima. "Pa Satade nizabwela niyione."

Anabweradi. Anavala ovolosi yochapa bwino, ndipo asanayang'ane galimoto anapita kaye pakhonde, n'kunjuta pansi, n'kuomba m'manja.

"Bamai, mwachoma bwanji? Miyendo ikamba chani lelo?"

"Ikamba vake, mwana wanga. Ine nimangomvela."

Eugene atatsegula boneti, Nsofwa anaima pambali pake ndi kapu ya tiyi. Eugene anakweza waya mmodzi, n'kumutembenuza ndi chala. Anayang'ana timadontho tofiira tili pamenepo, n'kuyang'ana kachipewa kakuda kumene mawaya onse anayi amachokera. Kenaka anamusiya wayayo momwe anamupezera, n'kutembenukira kwa Nsofwa.

"Chavuta n'chani?" anafunsa mtsikanayo.

"Ni nkhani itali," anatero Eugene, akulandira tiyi. "Iyi motoka ifuna nthawi. Koma nthawi ine nili nayo."

Madzulo ake foni inalira.

"Kapulagi kanga, tiyi yako ikali kutentha mumutima."

Nsofwa anawerenga katatu. Kapulagi? Ndani anamutchulapo dzina lotere? Anaika foni pansi pa pilo, n'kuitulutsanso.

"Sindine pulagi ine," anayankha.

"Ndiwe. Kang'ono, koma popanda iwe injini ya Eugene siinyamuka."

Loweruka lililonse ankabwera. Tsiku lina anabweretsa zitumbuwa zotentha m'nyuzipepala. Tsiku lina anaona kuti mpando wa amayi ukugwedezeka, n'kuukhomera kamtengo pamwendo, wopanda womupempha. Madzi atavuta pampopi ananyamula zigubu ziwiri kuchokera kutsidya kwa msewu, thukuta lili kamukamu, akuseka. Zimenezi zinali zoona. Mpando uja sugwedezeka mpaka lero.

Mu Julayi, kukuzizira, Eugene anali chagada pansi pa galimoto, Nsofwa atagwada pakatoni akumupatsira masipanala. Anatulutsa dzanja lakuda ndi oyilo, koma m'malo molandira sipanala anagwira zala zake.

"Nsofwa, mvela bwino vamene nizakamba. Tsiku yamene injini iyi izalila, nizaimilila pa geti iyo na bamalume banga, na mbale za nsalamu. Pa ukwati tizakwela motoka ya batate bako, bamai kutsogolo. Nalumbila."

"Osalumbila chabe, Eugene. Mulungu amamvela."

"Amvele! Na bangelo bonse balembe!"

Oyilo ija Nsofwa anaisiya pazala mpaka madzulo. Mbale za nsalamu, zovundikira bwino, zimene abale a mwamuna amabwera nazo pofunsira mkazi, anazilota ngakhale masana ali musitolo. M'mawa uliwonse, akamaliza kupempherera miyendo ya amayi, ankawonjeza mawu amodzi motsitsa: "Ambuye, injini ilire."

Mu Ogasiti Eugene anamasula sitata, kachitsulo kodzutsa injini.

"Ifunika kuyesa pa mashini. Munzanga ku Chaisa ali nayo."

Patapita masabata awiri anamasula olitaneta, kachitsulo kodzaza moto mubatire. Kenaka rediyeta, yosungira madzi, akuti ikudontha pansi. Chilichonse chinkapita ku Chaisa, ndipo ku Chaisa nthawi zonse kunali vuto. Mwina malaiti apita. Mwina mnzake uja ali kumaliro ku Kabwe. Mkati mwa boneti munayamba kuoneka ngati m'kamwa mwa nkhalamba.

Koma mauthenga sankasowa.

"Bebi, pilila pang'ono. Chinthu chabwino sichithamanga."

"Nalota uli mu dilesi yoyela, nikukuyendetsa mu msewu wa Lumumba, mahutala mbwee!"

Madzulo ena Ba Obed anasuzumira pampanda Nsofwa akuanula zovala.

"Mwana wanga, ine nimaziba chabe mageti. Koma dokota akachotsa chiwalo chimozi, amabweza asanachotse china."

"Ba Obed, Eugene aziba nchito yake."

"Eya. Aiziba," anatero mkuluyo, n'kubwerera kuntchito yake.

Nsofwa sanawapatse moni masiku atatu. Tsiku lachinayi anapeza injini itafundidwa thumba loyera la ufa kuti fumbi lisalowe m'mabowo otseguka. Sanafunse amene anafunda. Ankadziwa.

Okutobala anafika ndi dzuwa lake loswa mtengo. Lachinayi lina, nthawi ya nkhomaliro, musitolo munalowa mayi wooneka bwino, wovala magalasi akuda ndi diresi yomasuka. Pansi pa diresiyo mimba inkaoneka.

"Nifuna vitenge twelufu vofanana. Ni va kichini pate yanga, phwando ya bakazi ukwati usanachitike."

Nsofwa anatsitsa mipukutu isanu ndi umodzi. Anamulangiza yobiriwira ya maluwa agolide, chifukwa siisuluka. Anadula mowongoka, n'kupinda, n'kumunyamulira mpaka pakhomo poona mimba ija.

"Mulungu adalitse nyumba yanu, ba sista."

"Amen! Ndine Judith. Ubwele uzavine."

Patangopita mphindi zochepa, Nsofwa anamva kunja: tiki, tiki, tiki. Korola yoyera inali itaima pakhomo pa sitolo, Judith akulimbana ndi kiyi, oyendetsa mawilibala akumukuwiza kuti achoke panjira.

Miyezi inayi yopatsira masipanala inali itamuphunzitsa kanthu. M'chikwama chake munkakhala sipanala yaing'ono ya atate ake. Anaitenga, n'kutuluka.

"Tsegulani boneti. Mwina ni mutu wa batili wamasuka."

"Iwe! Uziba na mamotoka?"

"Pang'ono chabe."

Unalidi mutu wa batire. Nsofwa anawerama, n'kuyamba kumanga. Ali mkati momanga, diso lake linagwera pansi pang'ono, kumanja.

Pa olitaneta panali dontho lofiira.

Anaphethira. Dzuwa kodi? Anapukuta ndi chala. Dontho lija linawala kwambiri, lozungulira, lokhala ndi kamchira kumene burashi inatsetsereka. Anasuntha maso. Paphewa la rediyeta, pafupi ndi chitsekerero, panali lina.

"Iyi motoka amakukonzelani ndani?" Mawu ake anatuluka ngati a munthu wina.

"Bamuna banga ba kutsogolo," anatero Judith monyadira. "Yenze yakufa iyi! Banaigulila vitsulo vatsopano kuchoka ku Joni. Leka nibatumile, bamvele kuti mukazi munzanga wabapyola."

Anaika foni pokweza mawu. Inalira kawiri.

"Kapulagi kanga! Wagula vitenge?"

Sipanala inagwa m'manja mwa Nsofwa, n'kugunda chitsulo, n'kugwera pansi pa galimoto.

"Halo? Judy? N'chani chagwa?"

"Ni sipanala ya batate banga, Eugene," anatero Nsofwa.

Foni inaduka.

Judith anavula magalasi pang'onopang'ono. "Ndiwe ndani iwe? Umuziba bwanji mwamuna wanga?"

"Ndine mwine wa madontho aya."

"Madontho ya chani? Iwe, osaniyesa! Nimabaziba bakazi monga iwe, muona mwamuna ali na nchito ya manja mwayamba kumutsatila!"

Anthu anayamba kuima. Nsofwa sanakweze mawu. Analoza ndi chala.

"Iyi ni kyuteksi ya bamai banga. Batate benze kuika pa chitsulo chilichonse. Apa. Na apa. Mukayang'ana pansi, pa sitata, muzapeza ina. Ili pafupi na bauti ya pamwamba."

Judith anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka, ndi mimba yakeyo, anagwada pa phula lotentha, n'kuyatsa tochi ya foni. Anakhalitsa pansipo kuposa nthawi yofunika kuona dontho limodzi. Podzuka anali atatola sipanala ija. Anaipereka osayang'ana nkhope ya mwini wake.

"Uli naye kuchokela liti?" anafunsa Judith.

"Juni."

"Ine zaka zibili." Anagwira pamimba. "Myezi faifi iyi. Makadi ya ukwati yayenda kale. Manje ufuna nichite chani?"

"Palibe."

Nsofwa anamaliza kumanga mutu wa batire uja, n'kutseka boneti mofatsa.

"Lizani. Izalila."

Judith anatembenuza kiyi. Sitata inalira kawiri mwamsanga, kachitatu mokoka, injini n'kudzuka. Nsofwa anagwira chitseko cha sitolo. Kulira kumeneko ankakudziwa! Ndi kumene kunkamudzutsa m'mawa uliwonse kuyambira ali giredi faifi, atate ake akutenthetsa galimoto, akuimba nyimbo ya m'buku chapansipansi. Miyezi yonseyi ankapempherera mawu amenewa, osadziwa kuti akulira tsiku lililonse pakhomo la mkazi wina.

Masana amenewo anadula nsalu ya kasitomala mokhota, koyamba chiyambire ntchito.

Mauthenga anayamba asanafike kunyumba.

"Bebi yankha foni."

"Si mwamene uganizila. Nenze nabweleka chabe."

"Kapulagi kanga, usanipaye."

Sanayankhe. Anawauza amayi ake mawu ochepa, ali chiimire pakhomo la khichini. Iwo sanati ndinakuuza, sanatukwane munthu. Anangosuntha pampando wawo, n'kumusiyira malo pambali, mutu wake n'kuugoneka pamiyendo yotupa ija. Pofuna kupemphera, Nsofwa anagwada, koma mawu sanabwere. Angapemphe chiyani? Injini ilire? Kuti abwere ndani?

Loweruka m'mawa, pageti panaima takisi. Anatsika Judith. Woyendetsa anatsitsa rediyeta ndi thumba lolemera, n'kuziika mkati mwa geti.

"Njila ninaipeza mu foni yake," anatero Judith. Maso ake anali otupa. "Ninamuimilila pamutu mpaka anamasula vonse. Sininabwele kupepesa. Nizakwatiliwa naye, bantu banvela kale. Koma mwana wanga sazayenda pa vitsulo va munthu wakufa vamene banaba."

"Nkhalani pansi, mwana wanga," anatero amake Nsofwa ali pakhonde. "Nsofwa, bapatse manzi. Dzuba iyi si ya munthu wa pakati."

Judith anamwa ali chiimire. Anabweza kapu. Takisi inapita.

Nsofwa anavala ovolosi ya atate ake, n'kupinda miyendo katatu. Asanatsegule boneti, Ba Obed anali atafika kale, atanyamula batire imene ankaonerera wailesi ya kanema malaiti akapita.

"Bola ya lelo ilibe nchito," anatero. "Timu yanga imaluza olo niyang'ane olo nisayang'ane."

"Ba Obed, paja munanichenjeza..."

"Gwila uku. Ni yolema."

Anagwira ntchito mpaka dzuwa linafika pamutu. Bauti ya sitata inamusupula Nsofwa khungu la pazala. Lamba wa olitaneta anamuika mokhwepa, n'kumasulanso. Atathira madzi murediyeta, onse anatulukira pansi n'kumunyowetsa mapazi, chifukwa anaiwala kumanga paipi ya kunsi.

"Wasambika motoka kachibili manje," anatero Ba Obed. Nsofwa anaseka, koyamba chichokere Lachinayi, ndipo kusekako kunamupweteka pachifuwa.

Mthunzi utachoka pakhonde, ananyamula mpando wa amayi n'kuuika pansi pa mtengo wa mapeyala, pafupi ndi galimoto. Kenaka Nsofwa analowa, n'kutembenuza kiyi.

Phuu!

Nkhuku zinalumphanso mpanda. Utsi wakuda unatuluka kumbuyo, injini n'kukhala chete. Chimodzimodzi tsiku loyamba lija.

Nsofwa anagoneka mutu pachiwongolero. Miyezi inayi! Zala zosupuka, manyazi a pa Kamwala, zonsezi kuti abwerere pomwe anayambira?

"Nsofwa," anaitana amayi ake. Anali atasendera kutsogolo pampando, akusuzumira mu injini, koyamba chimwalirire amuna awo. "Nanga aya mawaya anayala ndani monga vitenge?"

"Ndine, bamai. Yenze yopingasana."

"Yenze yofunika kupingasana! Sunabelenge madontho?"

"Kubelenga?"

"Batate bako benze kunipatsa nigwile. Uyu dontho imozi, uyu yabili, uyu yatatu. Pa kachisote apo naponso yalipo. Benze kukamba ati injini siyenda monga bana ba sukulu pa laini. Kabotolo kanga konse kanathela pamene apo."

Nsofwa anatuluka. Anatenga kansalu, n'kupukuta kachipewa kakuda kaja. Pambali pa bowo lililonse panali timadontho. Limodzi. Atatu. Anayi. Awiri. Anatembenuza mawaya. Aliyense anali ndi ake. Tsiku lotsuka lija anawaona, koma anangoti ndi chizindikiro cha atate monga pa zitsulo zina zonse.

Anazula, n'kulowetsa aliyense pabowo la madontho ofanana ndi ake. Mawaya anapingasana monga kale. Ntchito yonse sinathe ndi mphindi ziwiri zomwe.

Ali chigwirire waya womaliza, anakumbukira dzanja lina litagwira waya yemweyo. Loweruka loyamba, tiyi ali m'manja. Chala chikutembenuza waya, maso pamadontho, maso pakachipewa. "Ni nkhani itali."

Anakhala pampando wa atate ake. Pemphero lake linali lalifupi kuposa onse.

"Ambuye, chifukwa cha bamai."

Kawiri mwamsanga, kachitatu mokoka. Injini inatsokomola, n'kugwedezeka, n'kuyamba kulira mosalala ngati sinagonepo.

Ba Obed anavula chipewa. Amayi anaphimba nkhope ndi chitenje. Ana a aneba anakuwa kuseri kwa mpanda: "Yalila! Motoka ya Ba Chisala yalila!"

Ndipo pageti panali pataima munthu.

Anavala shati yosita bwino. Analibe amalume. Analibe mbale. M'manja munali foni yokha, akuitembenuzatembenuza.

"Kapulagi kanga..."

Nsofwa anatsika, injini n'kuisiya ikulira. Anaima patali pang'ono, manja akuda ali m'mbali.

"Dzina langa ndine Nsofwa, ba Eugene."

"Nsofwa, nimvele. Vya Judith ni vya makolo, na mimba ija. Mutima wanga uli pano. Vitsulo nenze kufuna kubweza, nalumbila pamaso pa..."

"Osalumbila. Nifunsa chimozi chabe. Mawaya munayaona liti?"

Eugene anayang'ana boneti yotsegula, n'kuona mawaya atapingasana.

"Tsiku yoyamba."

"Munaona bamai pa khonde tsiku ija. Munabafunsa za miyendo."

"Sembe ninakonza pamene paja, sembe unaniitana futi? Mphindi zibili, zikomo, basi! Nenze kufuna chifukwa chobwelela, Nsofwa. Nenze kufuna kukuona."

Mawuwo anali okoma, ndipo mwina theka lake linali loona. Chimenecho ndicho chinamupweteka koposa.

"Sembe munabwela chabe," anatero motsitsa. "Geti iyi sitikhoma. Tiyi yenzeko."

Eugene anangotembenuzanso foni ija m'manja.

Kumbuyo, amayi anali ataima, atagwira mkono wa Ba Obed. Pamutu anali atamanga kale duku yoyera ya kwaya, imene anaitulutsa m'thumba la diresi. Kodi inakhalamo masabata angati ikudikira?

"Kwaya iyamba fifitini awazi," anatero. "Nikachedwa bazanipatsa mpando wa kumbuyo."

Nsofwa ndi Ba Obed anawakweza kutsogolo, n'kuwakwezera miyendo umodziumodzi. Nsofwa anayang'ana matayala, akuopa kuti aphwa pa miyezi yonseyi. Onse anayi anali olimba. Anatembenukira kwa Ba Obed. Mkuluyo anayang'ana kumwamba, kumapeyala.

"Pampu ya njinga," anatero. "Pa Mande na pa Mande."

Nsofwa anatseka boneti, n'kulowa. Eugene anali akadali pakati pa geti.

"Chokaniko, ba Eugene. Tifuna kupita."

Anasuntha. Ba Obed anakankha geti mpaka kumapeto, ndipo Korola ya Ba Chisala inatuluka pang'onopang'ono, n'kumudutsa mnyamata wa shati yosita, fumbi lake n'kumutsikira pansapato.

Injini inalira tsiku limenelo, ndipo Eugene anaimadi pageti monga analonjezera. Nsofwa sanayang'ane pagalasi. Sakanaona kanthu ngakhale akanayang'ana, chifukwa msewu wonse unali kusambira m'maso mwake.

Amayi anakweza ngodya ya chitenje chawo, n'kumupukuta tsaya limodzi, kenaka linalo.

"Uzalila tikafika," anatero. "Manje yang'ana kutsogolo. Pa kona pali dzenje."